Riggs, Estill kapena Sadolin: Njira Iti Imayenera Woyimba Amene Akufuna Kuphunzitsa Anzake?

Woyimba amene wakhala pa siteji zaka zambiri akayamba kuphunzitsa, amazindikira msanga kuti mawu ake okoma samuthandiza kufotokoza zimene zikuchitika kummero kwa wophunzira wake. Pa njira zitatu zimene aphunzitsi a mawu amakonda kuzitchula, ine ndimaona kuti ya Jo Estill ndiyo imamanga mphunzitsi, ngakhale kuti siyo yophweka.

Ya Seth Riggs, yotchedwa Speech Level Singing, inatchuka ku Los Angeles chifukwa cha anthu amene anadutsa m'manja mwake, monga Michael Jackson ndi Stevie Wonder. Mfundo yake ndi yakuti kholingo lizikhala pamalo omwe limakhala munthu akamalankhula, lisamakwere poyimba manotsi apamwamba, ndipo mawu a pachifuwa azilumikizana ndi a m'mutu popanda kuthyoka. Ophunzira amasintha msanga ndi masewera onjenjemeretsa milomo, ndipo zimenezi zimasunga makasitomala. Koma njirayi imadalira kwambiri khutu la mphunzitsi, ndiponso imaumiriza woyimba aliyense ku mawu osalala, pamene woyimba nyimbo zauzimu amene amafuna kugwedeza tchalitchi amafunikira zoposa pamenepo.

Estill anayambira kwina. Anali woyimba wa ku America amene anagwira ntchito ndi akatswiri ofufuza za mawu ku Syracuse, m'chigawo cha New York, m'zaka za m'ma 1970, ndipo njira yake inakhazikitsidwa mu 1988. Imagawa kayimbidwe m'masewera 13, lililonse lophunzitsa kulamulira chiwalo chimodzi pachokha, monga lilime, milomo, nsagwada, kholingo ndi timinofu timene timatulutsa mawu. Pambuyo pake ziwalozo zimaphatikizidwa kupanga mitundu 6 ya mawu, kuyambira a kulankhula wamba mpaka a opera ndi amphamvu ofuula. Ubwino wake kwa mphunzitsi ndi waukulu: m'malo mouza wophunzira kuti atsegule mtima, amamuuza kuti lilime labwerera m'mbuyo kapena mmero wafinyika, ndipo wophunzirayo amadziwa chokonza akafika kunyumba. Njirayi sinena kuti mawu awa ndi okongola kuposa awo, choncho imakwanira kwaya, gulu loyimba paukwati ngakhalenso wosewera zisudzo. Chovuta n'chakuti miyezi yoyambirira imamveka ngati phunziro la zaumoyo, ndipo ena amene anabwera kudzayimba amagwa ulesi.

Cathrine Sadolin wa ku Denmark anaika mawu onse m'magulu anayi, Neutral, Curbing, Overdrive ndi Edge, ndipo anatsegula sukulu yake, Complete Vocal Institute, ku Copenhagen mu 2005. Iye anaposa anzakewo pophunzitsa mawu okhakhala ndi obangula m'njira imene akuti siipweteka mmero, zomwe oyimba rock amazifuna. Kusiyanitsa magulu anayiwo ndi khutu n'kovuta kusiyana ndi mmene mayina ake amaonekera, ndipo maphunziro ofikitsa munthu pa uphunzitsi wovomerezeka amatenga zaka zitatu.

Kwa amene ali ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, ndalama nazonso zili ndi mawu. Maphunziro oyambirira a Estill amaperekedwanso pa intaneti ndipo amatenga masiku ochepa, kotero munthu angayambe kuwagwiritsa ntchito pa ophunzira ake asanaganize zolipirira mayeso a satifiketi.