"Could've Been" ya Tiffany ndi "Foolish Beat" ya Debbie Gibson: iti yoimba, iti yomvera?

M'chaka cha 1988 atsikana awiri a ku America, onse osakwana zaka 18, anafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, ndi nyimbo zachikondi zoimba mwachifatse. Tiffany anatsogola mu February ndi "Could've Been" ali ndi zaka 16, nakhala pamwambapo masabata awiri. Debbie Gibson anabwera mu June ndi "Foolish Beat" ali ndi zaka 17, sabata imodzi yokha. Onse akulira chibwenzi chimene chinatha, koma chimene chanyamula nyimbo iliyonse n'chosiyana.

Tiffany sanapeke yekha. Mwini mawu ndi Lois Blaisch, ndipo amene anayang'anira kajambulidwe ndi George Tobin. Chake cha Tiffany ndi pakhosi. Mawu ake ndi osasa pang'ono, olemera ngati a mayi amene waona zambiri, ndipo sachita changu. Amayambira pansi penipeni, zoimbira zikumveka chapatali, akunena za maluwa amene anapatsidwa omwe tsopano akufota. Kenako amakwera pang'onopang'ono mpaka kumapeto kumene amatulutsa mawu onse. Mutachotsa zing'wenyeng'wenye zonse n'kusiya kiyibodi yokha, nyimboyi siigwa.

Apa ndi pamene oimba ambiri amapunthwa. Amayamba vesi yoyamba mokweza, ndiye pofika pa kolasi yomaliza mpweya watha, khosi lauma, angotsala kukuwa. Musasankhe kiyi poyesa chiyambi. Yambani mwayesa malo okwera kwambiri a kumapeto aja. Khosi likathina, tsitsani pa kiyibodi ndi sitepe imodzi kapena ziwiri za transpose, batani lotsitsira kapena kukwezera kiyi. Mukapitirira pamenepo vesi yoyamba imamira, mawu osamveka n'komwe. Mpweya muzikokera m'mimba musanalowe mzere wautali, osati pakati pa liwu.

"Foolish Beat" ili ndi ulemu wina umene inzakeyo ilibe. Gibson anaipeka yekha, kuyang'anira kajambulidwe yekha, n'kuimbanso yekha, ndipo panthawiyo anakhala wamng'ono kuposa wina aliyense amene anachitapo zitatu zonsezi pa nyimbo yofika pa nambala 1. Ili m'chimbale chake choyamba, Out of the Blue, cha 1987. Mtsikana wa m'nyimboyi sakuloza chala mnyamata ayi, akudziimba mlandu yekha, ndipo akulumbira kuti sadzakondanso chotero. Wamkulu angati kumeneko n'kukokomeza, koma pa zaka 17 mtima umalankhuladi choncho, ndipo zimamveka kuti wolemba ndi woimba ndi munthu mmodzi.

Vuto lake n'lakuti yatsamira kwambiri pa zoimbira. Mawu a Gibson ndi oyera, opepuka, ndipo theka la chisoni chimene mumamva chikuchokera kwa sakisofoni. Bandi yopanda woliza sakisofoni imasiya dzenje pamalo pamenepo. Ena amatseka dzenjelo ndi sakisofoni ya mu kiyibodi, koma imatuluka yowonda, yopanda mpweya wa munthu. Bola kupereka gawolo kwa gitala ya lidi. Pa sipika ya foni nayonso nyimboyi imaluza, chifukwa besi imasowa n'kutsala zoswa m'makutu zokhazokha. Imafuna mahedifoni kapena sipika zazikulu.

Kwa ine, woti aime pamaso pa anthu ndi kiyibodi imodzi atenge "Could've Been", malinga akhale ndi mpweya wofika nawo kumapeto. Wofuna kuphunzira kupeka akhale pansi ndi "Foolish Beat", amvetsere mmene vesi ikuperekera mpata kwa kolasi ndi pomwe woimba akukhalira chete kuti chida chilankhule. Ngati mumakonda Gibson koma mulibe sakisofoni, pali "Lost in Your Eyes" ya 1989, imene inakhala pa nambala 1 masabata atatu. Imeneyo inamangidwa pa piyano, ndipo woliza mmodzi amakwanira.