Kaeriyo ka TV komata pazenera, nyenyezi 4 pa 5, ndemanga yanga kuno ku South Bend

Kaeriyo aka ndi kaja kopyapyala ka pulasitiki, mbali ina koyera mbali ina kakuda, kamabwera ndi chingwe chachitali ndi kabokosi kowonjezera mphamvu komwe mumalowetsa kumbuyo kwa TV. Dzina la kampani sindilitchula, pa intaneti tilipo tambirimbiri ndipo tonse timaoneka chimodzimodzi. Tinakagula mu Ogasiti 2024 titatopa ndi bilu ya kebo, mtengo wolembedwa unali madola 30, koma mukudziwa kale za kuno ku America, pofika polipira msonkho wa 7% wa boma lathu la Indiana wakwera pamwamba ndiye zinakwana 32.10. Mpaka lero zimandinyansabe zimenezi, kwathu mtengo umene wauona pa shelefu ndi umenewo VAT ili momwemo, kuno umawerengera ndalama bwinobwino kenako pa tilu akuuza zina. Bambo a kunyumba amati bwenzi titangodutsa malire kukagula ku Niles, Michigan ndi 6%, ine ndinati ndiye mafuta a galimoto atilipirira ndani kuti tipulumutse masenti 30 kkkk.

Kuika kwake sikovuta, chingwe kumbuyo kwa TV, kumata pazenera, kenako pa rimoti mukasankhe kuti TV isake machanelo yokha. Kwathu inapeza NBC pa 16, CBS pa 22, Fox, ABC, PBS pa 34 ndi ena ambiri a mafilimu akalekale ndi ogulitsa katundu amene palibe amaonera. Chithunzi cha pa 16 ndiye eee, choyera mbee, bambo akuti chikuposa cha kebo yomwe timalipira mwezi ndi mwezi ija. Ndipo 16 yo ndi imene tinkafuna, chifukwa magemu a mpira waku America a yunivesite ya kuno ya Notre Dame akamasewera pakhomo amaonetsedwa pa NBC kuyambira 1991, siteshoni yake ya kuno WNDU inali ya yunivesite yomweyo mpaka anaigulitsa mu 2006.

Ine mpira uwu sindinkaumva ayi. Anthu akuluakulu avala zipewa zolimba akungogundana, mphindi pang'ono aima, malonda, ayambiranso, gemu ya mphindi 60 kumatha maola atatu ndi kupitirira. Koma kuno ku South Bend suungathawe, Loweruka la gemu misewu yonse yopita ku kampasi imadzadza, sitediyamu imalowa anthu opitirira 77,000 pomwe tauni yonse ili ndi anthu ngati 100,000 basi, ndipo kuntchito agogo amene ndimawasamalira akavala juzi yawo ya buluu ndi golide ndiye kuti tsiku limenelo mankhwala amwa nthawi ya hafu taimu, musawasokoneze. Mwana wanga wamkulu ndi amene anandiphunzitsa kuti timu imapatsidwa mipata inayi kuti iyende mayadi 10, ikalephera mpira upita kwa anzawo. Nditangomva zimenezo basi ndinalowa m'gulu, pano ndine amene ndimakuwa kwambiri m'nyumba muno.

Gemu yomwe sindidzaiwala pa kaeriyo aka ndi ya pa 7 Seputembala 2024 ndi Northern Illinois. Aliyense amati awa ndi ana, tingowadya, ine ndinali kukhitchini ndikuvundula nsima ya ufa wa m'sitolo ya anthu aku Mexico uja, ndikungomva bambo pabalaza kuti "ah ah, ah ah, anyamatawa atani kodi". Ndinatuluka ndi mthiko m'manja. Chithunzi chili bwinobwino, osadukiza ngakhale kamodzi, ndiye tinaona zonse momveka, kiki yomaliza ya Notre Dame itatchingidwa, 16 kwa 14, taluza pakhomo. Apongozi anga amene anabwera kudzatithandiza khanda anangoti "nanga mwakwiyiranji, si masewera awa?" ndipo bambo sanadye mpaka usiku. Chomwe chinandipweteka ine ndi choti nyuzi zinati Northern Illinois yo analipidwa madola 1.4 miliyoni kuti abwere kudzasewera. Kumulipira mlendo kuti adzakukwapule pakhomo pako!

Pamenepo ndi pomwe ine mutu umayamba kutentha ndi nkhani ya msonkho. Tengani pepala la malipiro langa muone. Boma lalikulu latenga yake, Social Security ndi Medicare 7.65%, boma la Indiana pafupifupi 3%, kenako dera lathu la St. Joseph County nalo 1.75%, ukagwira ovataimu kuti mwina utumize kanthu kumudzi umangoona kuti onsewa akondwera nawo. Tilibe nyumba yathu, timachita renti, koma musaganize kuti msonkho wa nyumba sutikhudza, malamulo a Indiana amati nyumba yokhalamo mwini wake msonkho usapitirire 1% ya mtengo wake pomwe ya renti ndi 2%, ndipo landilodi si wopusa, amaulowetsa mu renti momwemo. Ndiye kuyambira Januwale 2026 awonjezeranso 1% pa ndalama zotumiza kunja ngati walipira ndi kashi pa kauntala, ife tinangosinthira ku khadi ya ku banki. Pomwe mayunivesite, malamulo amawaona ngati mabungwe osapanga phindu, malo awo ophunzirira salipira msonkho wa nyumba, koma mpira wawo ukuyendetsa mamiliyoni, makochi akulandira mamiliyoni pachaka, ndipo kuyambira 2025 sukulu iliyonse ikuloledwa kugawira osewera ake ndalama, chaka choyamba malire ake anali pafupifupi madola 20.5 miliyoni. Zoti ana aja azilipidwa ine ndikugwirizana nazo kwambiri, akuthyoka mawondo ndi iwowo, ndipo ndalama zawozo nawonso amadulidwa msonkho ngati ine ndemwe. Koma musandiuze kuti imeneyo si bizinesi. Bambo amatsutsa, amati popanda yunivesite ija tauni ino ikanafa kalekale fakitale ya magalimoto ya Studebaker itatseka mu 1963, mahotela ndi malesitilanti amadya za Loweruka la gemu, anthu ambiri amagwira ntchito kumeneko. Ndi zoona, sindikukana, koma ikafika Epulo 15, tsiku lomaliza lotumizira mafomu a msonkho, amene amakhala patebulo ndi mapepala a malipiro a W-2 mpaka pakati pa usiku ndine.

Tibwerere ku eriyo. Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Pabokosi analemba kuti imakoka kuchokera mamailosi mazanamazana, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, dziko ndi lozungulira ndipo siginolo ya TV siyikhota, machanelo aku Chicago omwe ali mamailosi osakwana 100 sitinawaonepo ngakhale tsiku limodzi. Imagwira za pafupi basi. Zomatira zake nazonso ndi zachibwana, kukazizira zenera likachita thukuta kamagwa kokha usiku, tinachita kugula tepi ina yolimba. Ndipo kabokosi kowonjezera mphamvu kaja kwa ife kamaononga m'malo mokonza, titakachotsa machanelo ena anayamba kuoneka bwino, ndiye ngati muli m'tauni momwemo yesani kaye popanda iko.

Tsiku lomwe kanatichititsa manyazi ndi Lachisanu pa 20 Disembala 2024, Notre Dame ndi Indiana, gemu yoyamba ya pleyofu yatsopano ya matimu 12, konkuno ku South Bend, kunja kukuzizira koopsa. Tinaitana anzathu aku tchalitchi, ndinakazinga nkhuku, mandasi, pabalaza podzadza ana pansi akulu pampando. Gemu inali pa ABC ndipo kaeriyo kanayamba nthabwala zake, chithunzi kusweka timabokositimabokosi, mawu kudukaduka. Mwana wanga anakamatula pazenera n'kuima nako pakona manja m'mwamba, anthu akukuwa "pomwepo pomwepo usasunthe!" ndendende mmene tinkachitira ndi TVM masiku aja wina ali panja akuzunguza nsungwi ena m'nyumba akuti yagwira, yathawanso. Anaima choncho mpaka tinapeza kuti pamwamba pa kabati ya mabuku ndi pomwe pakugwira, kakhala pamenepo mpaka lero ngakhale sipaoneka bwino. Tinawina 27 kwa 17 ndiye anthu anaiwala.

China chomwe si vuto la eriyo koma muyenera kudziwa musanadule kebo, chanelo ya masewera ya ESPN simuipeza pa eriyo iliyonse, ndi yolipira. Fainolo ya pa 20 Januwale 2025 yomwe Ohio State inatigonjetsa 34 kwa 23 ku Atlanta tinakaonera kwa anzathu, ya Januwale 2026 yomwe Indiana inatenga chikho itagonjetsa Miami nayonso inali pa ESPN. Ndipo gemu ina ya pakhomo amaiika pa Peacock yokha, ya pa intaneti, imeneyonso mulipira padera. Koma magemu ambiri a pakhomo, a ligi ya mayunivesite ya Big Ten omwe amaonetsedwa pa Fox, CBS ndi NBC, nyuzi za m'mawa zonena ngati sukulu atseka chifukwa cha sinowo yochokera ku Lake Michigan, ndi makatuni a ana pa PBS, zonsezo zilipo ulere.

Kwa amene muli mu apatimenti ya pansi penipeni kapena nyumba ya njerwa yokhala ndi timazenera tating'ono, sungani risiti, mwina mudzabweza. Ife tili pamwamba ndipo zikuyenda. M'nyumba muno intaneti ndi ya pamwezi, foni ya pamwezi, inshuwalansi ya galimoto ya pamwezi, kaeriyo kokha ndi komwe ndinalipira kamodzi msonkho wake kamodzi. Ndagulanso kena ka kuchipinda kwa apongozi chifukwa ayamba kukonda pulogalamu ya zophikaphika ya pa PBS ndipo Loweruka masana amalimbirana rimoti ndi mwana wawo.