Za Postfix ndi makina osamva malamulo

Ndakhala ndikuyendetsa seva ya maimelo ya kuntchito kwathu ndi Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo, kwa zaka zingapo. Chimene ndimaikondera si liwiro ayi, koma kuleza mtima kwake ndi makina osamva.

Tili ndi sikana yakalekale imene imatumiza zikalata pa imelo. Lamulo la SMTP, njira imene makina amatumizirana maimelo, limati mzere uliwonse uzithera ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, koma nkhalamba yathuyi imangoika LF basi. Chinyengo cha SMTP smuggling, chozembetsa maimelo abodza kudzera m'mathero olakwika a mizere, chitadziwika mu Disembala 2023, ndinathamangira kukhwimitsa chosintha cha Postfix chotchedwa smtpd_forbid_bare_newline kuti mizere yotere izikanidwa. Kutacha, zikalata za sikana zinasiya kufika, ndipo mayi wa ku akaunti anaima pakhomo, mapepala ali m'manja: "Achimwene, mwaitani sikana ija?" Wolakwa ndinali ine. Ndinatsegula main.cf, fayilo ya zosintha za Postfix, n'kulemba adiresi ya sikanayo pa smtpd_forbid_bare_newline_exclusions, mndandanda wa makina osakhudzidwa ndi chiletsocho. Zikalata zinayambanso kufika, koma kwa obwera kuchokera pa intaneti chitseko chinakhalabe chotseka.

Mizere yopitirira zilembo 998 Postfix imaidula yokha m'zigawo potumiza. Apa chenjerani, chifukwa ngati kalata inasainidwa kale ndi DKIM, siginecha yotsimikizira kumene kalata yachokera, kudulako kumawononga siginecha, ndipo kumene ikupita angaiponye ku spam.

Wietse Venema ndiye anatulutsa Postfix mu 1998, ndipo zikuonekeratu kuti ankawadziwa makina a anthu mmene alili. Woyamba kumene atuluka nayo thukuta, poti zosintha zilipo mazanamazana. Koma log yake, kaundula wa zonse zimene yachita, sibisa mawu: imanena kalata imene yakanidwa ndi chifukwa chake. Ine sindikuisiya.