Mtanthauziramawu wa pa foni: ndaupatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndimaperekeza alendo okaona nyama ku Liwonde, choncho Chingerezi ndicho khasu langa. Pulogalamuyi ndakhala nayo pa foni kuyambira dzinja lathali, ndipo chomwe chandikhutiritsa ndi momwe imalongosolera liwu limodzi m'njira zake zonse.

Tengani liwu loti tame, lomwe silichoka pakamwa pa alendo. Akaona njiri itagwada ikudya udzu pafupi ndi matenti, kapena pusi akusuzumira shuga patebulo, amafunsa ngati nyamazo zili tame. Kabuku ka m'thumba komwe ndinali nako kamangoti "yoweta", basi. Pulogalamuyi imapitirira pamenepo. Tame ndi nyama yomwe yasiya kuopa anthu, ngakhale itabadwira kutchire. Domesticated ndi mtundu wonse womwe anthu akhala akuweta kwa mibadwomibadwo, monga mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe. Kwa ife kusiyana kumeneku si nkhani ya mayeso ayi, ndi nkhani ya chitetezo. Njiri ya pamsasa yangozolowera anthu, koma mano ake ndi omwe aja, ndipo mlendo akaiona ngati mbuzi ya pakhomo amatambasula dzanja kuti aisisite.

Tanthauzo lina lili pomwepo ndi ziganizo zake. Phwando, mpira kapena filimu akati inali tame, ndiye kuti inali yozizira, yosatenga mtima. Mlendo akanena choncho za ulendo wa pa boti mu Shire, sakukuyamikirani. Liwu lomweli limakhalanso mneni: kuzoloweza chilombo kuti chizimvera, kuugwira mtima, ngakhalenso kuletsa mitengo ya zinthu kukwera, monga amalembera a nyuzipepala. Mukadina kachizindikiro ka sipika mumamva katchulidwe kake, kofanana ndi name ndi game.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Katchulidweko kamafuna data, pamene kuthengo netiweki imabwera ndi kupita. Komanso zotsatsa malonda zimatseka sikirini yonse nthawi yomwe mukufuna yankho msanga, mlendo ali chilili. Chichewa mulibe, koma zimenezo ndinadziwa kale poitenga.

Kwa anzanga operekeza alendo, ogwira ntchito m'malo ogona, ndi ana a Fomu 4 okonzekera MSCE, ndi yothandiza ndithu. Mawu omwe mukufuna kumva katchulidwe kake muziwamvereratu mukadali m'tauni.