Valavu yachitsulo kapena yanyama: zomwe taona pakhomo pathu ku Chibavi, Mzuzu

Valavu (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) ya mtima wa mchimwene wanga itawonongeka ndi matenda a rheumatic, aja amayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana, madokotala ku India anatiuza tisankhe: yachitsulo kapena yanyama.

Nkhani yonse yagona pa magazi. Akangokhudza chinthu chachilendo amayamba kuundana, ndipo kachibuluma kakathawira ku ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Timapiko ta valavu yachitsulo, monga ya kampani ya St. Jude yomwe inayamba kuikidwa mu 1977, amatikuta ndi pyrolytic carbon, yosalala kwambiri komanso yosaperepeseka, moti valavuyo ikhoza kukalamba ndi mwini wake. Komatu kukutako pakokha sikukwanira. Warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi wa moyo wonse, ndipo pa valavu ya mitral (ya kumanzere kwa mtima) INR, nambala ya poyezetsa yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, imafunika kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika magazi aundana, ikakwera nkhama zimatuluka magazi pongotsuka m'kamwa. Bonongwe, nkhwani ndi mpiru zili ndi vitamini K yemwe amalimbana ndi mankhwalawa. Sikuti n'zoletsedwa ayi, koma mlamu wanga amapima ndiwo ndi chipande chimodzimodzi tsiku lililonse kuti mlingo usasinthe. Rifampicin, mankhwala a TB, nayenso amafooketsa warfarin, musabise kwa adokotala.

Yanyama imachokera ku valavu ya nkhumba kapena kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe. Magazi savutana nayo kwenikweni, ndipo ambiri amamwa warfarin miyezi yochepa yoyambirira basi, pokhapokha ngati mtima ukugunda mosokonekera. Vuto lake imatha: zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imauma msanga. Ndiye kung'ambidwanso pachifuwa, kusakanso ndalama za ulendo.

Achimwene anasankha yachitsulo, ndipo ine ndinavomereza, poti kokayezetsa magazi ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga ndi ulendo wa kabaza chabe. Usiku kukakhala zii, mumaimva ikugunda ngati wotchi, ana anazolowera mpaka amatsamira khutu pachifuwa pawo.

Koma mtsikana wa ku Chitipa kapena ku Likoma amene akufuna kudzabereka, sindingamukankhire komweko. Warfarin amatha kupundula mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12, ndipo kuyezetsa magazi pafupipafupi uli kutali choncho n'kovuta zedi. Iyeyo afunsitse adokotala za yanyama, adziwiretu za opaleshoni yachiwiriyo asanasayine.