Maloya amene anatichitira apilo ya malume: ntchito yabwino, foni yosayankhidwa

Malume anga, amene akhala ku Mbare, dera la mu Harare, zaka zambiri akugwira ntchito ya ulonda, anapezeka olakwa pa mlandu wa kuba ku khoti lina la majisitireti, ndipo ife achibale tinapita ku ofesi ina ya maloya pakati pa mzinda wa Harare kuti atithandize kuchita apilo.

Chimene ndiwayamikira choyamba n'chakuti sanatinamize. Mlongo wanga wa ku Leeds, ku England, ankaumirira pa foni kuti tidandaule za mmene woweruza analangizira jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kugamula ngati munthu ndi wolakwa, koma loya anatifotokozera modekha kuti m'Zimbabwe mulibe jury. Ku High Court jaji amazenga mlandu pamodzi ndi anthu awiri omuthandiza kuunika umboni, pamene majisitireti wa malume anaweruza yekha. Choncho cholakwa chinayenera kufunidwa m'zolembedwa za mlanduwo, osati m'zimene timaona m'mafilimu.

Apa m'pamene loya wamkaziyu anaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Anawerenga tsamba ndi tsamba ali ndi pensulo m'manja, kenaka anapita kundende kukawafunsa malume funso limodzi: "Bambo, kodi munamva zonse zimene mboni zinanena?" Malume, amene chilankhulo chawo ndi Chichewa ndipo Chishona chawo n'cha pamsika basi, anavomera kuti pamene ankawamasulira m'Chishona iwo ankangogwedeza mutu chifukwa cha mantha ndi ulemu, ndipo atapatsidwa mpata wofunsa mboni mafunso sanafunse kanthu. Loya anamanga apilo yonse pamenepo, potchula gawo 69 la Malamulo oyendetsera dziko a 2013, lonena za kuweruzidwa mwachilungamo, ndi gawo 70, limene limapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa m'chilankhulo chimene akuchimva. Ambirife sitinkadziwa n'komwe kuti gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino.

Zodandaulitsa zilipo. Malipiro ankafuna m'madola a ku America, ndipo mtengo umene anatiuza poyamba sunaphatikize pempho la belo poyembekezera apilo, moti tinachita kusonkherana kawiri. Foni ya ku ofesi kwawo inkangolira osayankhidwa, ndipo kangapo ndinakwera kombi kupita mtauni kukangomva kuti palibe chatsopano, zimene akanatha kundiuza pa WhatsApp.

Majaji awiri a High Court anafafaniza chigamulocho. Loya anatichenjeza pomwepo, tisanayambe n'kululutira komwe, kuti kupambana kotere sikutanthauza kuti khoti lanena kuti malume sanabe, chifukwa boma likhoza kuuyambanso mlanduwo. Amene wachibale wake wamangidwa ndingamutumize kwa maloya amenewa, koma apite msanga chifukwa masiku operekera apilo ndi ochepa, ndipo asapereke ndalama asanamulembere papepala zonse zimene adzalipire.