Nyenyezi ziwiri, ndipo zonse ndi za gaidi

Tinatenga ku kampani ina yoyendetsa alendo phukusi la masiku atatu lokwera phiri la Mulanje, la K350,000 munthu mmodzi, lomwe amalitsatsa kuti lili ndi "gaidi wa pafoni". Ndalama tinatumiza pa Mpamba, iwo n'kutitumizira app yokhala ndi mapu komanso mawu ojambulidwa ofotokoza malo. Mtsikana wa ku ofesi kwawo ku Blantyre anachita kundiuza kuti gaidi weniweni ndi wongokwaniritsa mwambo, zonse zili m'foni. Mawu amenewo sindinamukhululukire mpaka lero.

Galimoto yawo inachedwa maola awiri, chakudya chinali chochepa, izo ndazisiya. Ku Likhubula tinapeza gaidi ndi mapota awiri akutidikirira, ndipo ndiulule kuti tsiku loyamba, kukwera kupita ku Chambe, ndinkamvera kwambiri foni kusiyana ndi munthuyo. App imati Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phirili, ndi mamita 3,002, imati phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, imanenanso za mkungudza. Koma katchulidwe kake! "Chisepo", kanyumba kogonamo okwera ku Sapitwa, amamutchula ngati dzina la mankhwala.

Tsiku lachitatu m'mamawa tinanyamuka pa Chisepo kulunjika ku Sapitwa. Titakwera pang'ono chiperoni chinangotikuta, chifunga choti mnzako ali apa sukumuona. Miyala inayamba kuterera. Kadontho kabuluu ka pafoni kanali kakudumphadumpha, kenako kanaloza kumanzere, ine n'kuyamba kupita komweko. Gaidi anandigwira chikwama kumsana. "Bwana, imani pomwepo. Uko kulibe njira." Ndinamuonetsa foni, mwaukalitu, kuti taonani achimwene, mapu akuti uku. Sanatsutsane nane. Anatola kamwala n'kuponya komwe ndimafuna kuponda, ndipo tinamvetsera kwa nthawi tisanamve kuti kagwera pati. Miyendo inangoti zii. Kenako anagwada n'kupukuta ndere pamwala, kutionetsa penti yofiira yolozera njira, yomwe ine ndikanaidutsa kakhumi osaiona. Anati malo ena phirili linagumuka nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo mizere ina ya pamapu ndi ya kale. Anatilamula kubwerera. Mlamu wanga ananyinyirika kuti talipira zambiri, gaidi n'kungoti phiri silithawa, tidzabweranso. Sapitwa sitinafikeko.

Apa ndiye ndisaname, ukadaulowu si woipa wonse ayi. Gaidi yemweyo, titafika pomwe netiweki imagwira, anatsegula gulu lawo la pa WhatsApp momwe amauzana za nyengo, ndipo anzake a mbali ya Thuchila anali atalemba kale kuti kwaipa. Anatiuza kuti masiku ano alendo ambiri amamupeza okha pa Facebook, osadzera kwa aliyense, ndipo azungu osadziwa Chingelezi amalankhula nawo pomasulira ndi foni. Ntchito yoloweza manambala ndi zaka foni yamulanda, iye akuti sizimudandaulitsa. Potsika app inatithandizadi kudziwa mtunda wotsala kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, ana akafunsa kuti tifika liti. Batire ndiye limatha msanga ndi kuzizira, musaiwale pawabanki.

Chandiwawa n'chakuti nditamufunsa mwakachetechete zomwe kampaniyo imamupatsa, ndalama yake inali yochititsa manyazi poyerekeza ndi zomwe tinalipira ife asanu. Ndiye mukumutcha wongokwaniritsa mwambo munthu amene anandikoka pa phompho? Ndinawalembera kudandaula, anandiyankha patapita sabata ndi uthenga womwe ukuoneka kuti unalembedwa ndi makina, wondithokoza chifukwa cha "ulendo wosangalatsa wofika pa nsonga".

Nambala ya gaidiyo ndinasunga, ndipo tagwirizana kuti mu Seputembala tikayesenso, ndalama ndidzamutumizira yekha. App ndaisiya m'foni chifukwa cha mapu. Mawu aja ndinazimitsa.